Kusintha Masipuling'i ndi Ma Shock pa Galimoto ya Maulendo Ataliatali a Kutchire

Galimoto imene yamangidwa bampala yachitsulo, winchi, tenti padenga, firiji, batire lachiwiri ndi zigubu zamadzi kumbuyo siikhalanso ija inatuluka ku fakitale. Mukaiyang'ana cham'mbali mumaona kumbuyo kwakhala pansi, mphuno yaloza kumwamba, ndipo pa bampu lililonse pamamveka "gu!" ekiselo ikamenya mphira zoimitsira. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kukagula lift kit (zipangizo zokwezera galimoto) yaitali kwambiri imene thumba lawo lingakwanitse. Ine ndimati dikirani kaye. Pa galimoto yoyenda masiku ambiri m'misewu yoipa, ntchito ya masipuling'i ndi ma shock ndi kunyamula katundu wanu mosatopa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kutalika kumabwera pambuyo. Mukasankha zipangizo mogwirizana ndi kulemera kwenikweni kwa galimoto yanu, kukweza ndi mamilimita 40 kapena 50 kumakwanira pafupifupi ulendo uliwonse, ndipo mumapewa mavuto ambiri amene amatsatira anthu okweza mopitirira.

Yambirani pasikelo

Musanayang'ane n'komwe zipangizo, pakirani galimoto ndendende mmene imakhalira tsiku lonyamuka. Thanki idzaze, zigubu zidzaze, firiji ikhale ndi zakudya, bokosi la zida likwere, ndipo anthu onse amene mumayenda nawo akhale m'mipando yawo. Mukatero pitani pa sikelo yoyezera magalimoto ndipo mutenge manambala atatu: kulemera kwa ekiselo yakutsogolo yokha, kwa yakumbuyo yokha, ndi kwa galimoto yonse. Tsiku lina mubwererenso mutatsitsa zonse zimene zimatsika ulendo ukatha, n'kusiya zokhazo zomangidwa ndi mabawuti, monga bampala, winchi, madirowa ndi batire lachiwiri. Manambala a tsiku loyamba akuuzani ngati muli m'malire. A tsiku lachiwiri ndi amene adzakutsogolereni posankha sipuling'i.

Malirewo alembedwa pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pa chipilala cha chitseko kapena mu boneti, komanso m'buku la galimoto. Pali GVM, kumene kuli kulemera konse kumene wopanga galimoto analola, ndipo palinso malire a ekiselo iliyonse payokha. Ma pickup ambiri a double cab amaloledwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, kuphatikizapo anthu okwera, ndipo ma station wagon aakulu kawirikawiri amaloledwa zochepera pamenepo. Tani imodzi imamveka yambiri, koma siichedwa kutha. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Chigubu chachitsulo cha malita 20 chodzaza dizilo chimapitirira pang'ono makilogalamu 20. Tenti ya padenga yokha imatha kufika makilogalamu 60 kapena kuposa, musanawerengere chitsulo chimene yakhalapo.

Malo amene katundu wakhala nawonso amasintha zinthu kwambiri. Tinene kuti pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo pali mamita 3, ndipo mwapachika tayala lasipeya ndi zigubu, makilogalamu 100, pa bampala imene ili mamita 1.2 kumbuyo kwa ekiselo. Ekiselo yakumbuyo imva makilogalamu 140, ndipo yakutsogolo ipepuka ndi 40. N'chifukwa chake galimoto imatha kukhala pansi pa GVM koma ekiselo yakumbuyo itapitirira kale malire ake.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna muchigwiritsitse. Masipuling'i olimba saonjezera GVM. Mabuleki ndi omwe aja, ma bearing ndi omwe aja, chasisi ndi chomwe chija. M'mayiko ena, monga Australia, muli njira yovomerezeka yokwezera GVM kudzera mwa mainjiniya, ndipo imakhala ndi mapepala ake. Kungogula sipuling'i yolimba si njira imeneyo. Sikelo ikasonyeza kuti mwapitirira, yambani mwatsitsa katundu.

Yezani, ndipo mulembe

Imikani galimoto pamalo osalala. Ndi tepi, yezani kuchokera pakatikati pa gudumu kukafika pamlomo wa madigadi, molunjika m'mwamba. Musayezere kuchokera pansi, chifukwa mpweya wa m'tayala udzakunamizani. Chitani zimenezi pa magudumu onse anayi, galimoto ili ndi katundu komanso ili yopanda. Yezaninso mpata wa pakati pa mphira yoimitsira ndi pamene imakagunda. Pomaliza kwezani chasisi ndi jeke mpaka tayala lakutsogolo lilendewere m'malere, n'kuyezanso. Kusiyana kwa nambala imeneyi ndi yoyamba ija kukuuzani mtunda umene gudumu limatha kutsika likapeza dzenje.

Manambalawa amathandiza pa chinthu chinanso. Wogulitsa akati kit yake imakweza mamilimita 50, amawerengera kuchokera pa galimoto yatsopano. Ngati masipuling'i anu anatopa n'kutsika ndi mamilimita 20, mudzaona ngati mwakwera ndi 70, koma palibe cholakwika.

Dziwani chimene chili pansi pa galimoto yanu

Gwadani muyang'ane kutsogolo. Ngati pali chitsulo chimodzi chachikulu chochokera gudumu ili kukafika gudumu linalo, difu (magiya ogawira mphamvu ku magudumu) ili m'kati mwake, ndiye kuti muli ndi ekiselo yolimba, ngati ya Land Cruiser 70 ndi 80, Nissan Patrol Y61, Suzuki Jimny kapena Land Rover Defender yakale. Ngati gudumu lililonse lili ndi mikono yakeyake, wam'mwamba ndi wam'munsi, ndipo kuchokera pa difu pakutuluka mashafuti a CV, opititsa mphamvu ku magudumu, okhala ndi mphira zopindikapindika, imeneyo ndi IFS, imene ili pa Toyota Hilux, Ford Ranger, Isuzu D-Max ndi Prado za masiku ano. Hilux kuyambira 2005 ili ndi koyilo yovekedwa pa shock kutsogolo, pomwe za IFS zakale, komanso Land Cruiser 100 ya IFS, zili ndi torsion bar, ndodo yachitsulo imene imagwira ntchito popotoka. Kumbuyo, ma pickup ambiri ali ndi ma leaf spring, aja a zitsulo zosanjikizana, ndipo ma station wagon ambiri ali ndi makoyilo.

Kukweza kumanyamula chasisi, mimba ya galimoto ndi mabampala, motero simukhula msanga pokwera chitunda kapena potsika mumtsinje. Koma difu ya pa ekiselo yolimba imakhala pomwe inali. Chimene chimaikweza ndi tayala lalikulu basi. Tayala la 265/65R17 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 776, ndipo la 265/70R17 ndi 803. Kusiyana ndi mamilimita 27, koma difu imakwera ndi theka lake lokha, pafupifupi 13. Mukalumphira pa 285/70R17 difu ikwera ndi pafupifupi 27, koma mita ya liwiro idzakuonetsani zochepera ndi pafupifupi 7 peresenti, galimoto idzalemera ponyamuka, ndipo mabuleki adzavutika kwambiri poimitsa.

Pa njira zokwezera, sinditaya nthawi pa zina. Body lift, kuika zidutswa pakati pa bodi ndi chasisi, imangopereka malo a tayala lalikulu ndipo siinyamula ngakhale kilogalamu imodzi. Ma spacer oikidwa pamwamba pa koyilo ndi otchipa, komabe sipuling'i imakhala yofooka yomwe ija. Pa IFS muchenjere nawo kwambiri, chifukwa shock imamangidwa chapakati pa mkono, ndiye spacer ya mamilimita 25 imatha kukweza galimoto ndi 40 mpaka 50. Kumangitsa torsion bar kumakwezadi, koma mtunda wonse umene mwapeza m'mwamba mwaulanda ku mtunda umene gudumu limatsika. Zidutswa zoika pakati pa leaf spring ndi ekiselo zimachititsa kuti ekiselo izipotoka ponyamuka, ndipo pa ekiselo yakutsogolo musaziyese n'komwe. Pa galimoto yonyamula katundu wolemera kupita kutali, njira imene ndimaikhulupirira ndi kusintha masipuling'i ndi ma shock pamodzi, opangidwa kuti azigwira ntchito limodzi.

Kusankha sipuling'i

Makampani monga Old Man Emu ya ARB, Dobinsons, Ironman 4x4 ndi Tough Dog, onse a ku Australia, amapanga masipuling'i angapo a galimoto imodzimodzi, ndipo iliyonse imalembedwa katundu wokhazikika amene inapangidwira, mwachitsanzo makilogalamu 200, 300 kapena 500 kumbuyo. Kutsogolo amasiyanitsa galimoto yopanda bampala yachitsulo, ya bampala yokha, ndi ya bampala ndi winchi. Sankhani potengera katundu amene amakhala pa galimoto nthawi zonse, uja munayeza tsiku lachiwiri.

Anthu amakonda kunena kuti bola kugula yolimba kwambiri kuti tisadzavutike. Maganizo amenewa ndi amene amaononga magalimoto ambiri abwino. Sipuling'i ya makilogalamu 500 pa galimoto imene imayenda yopanda katundu miyezi yambiri ya chaka siipindika. Galimoto imadumpha, matayala akumbuyo amasiya kugwira nthaka pa ngodya ya msewu wamiyala, okwera amamva kupweteka msana, ndipo kugunda konse kumene sipuling'i inayenera kumeza kumapita ku chasisi ndi ku mabawuti a zonse zimene munamanga. Ngati katundu wanu amasiyana kwambiri pakati pa masiku wamba ndi masiku a ulendo, funani ma leaf a magawo awiri, amene zitsulo zake zam'munsi zimayamba kugwira ntchito katundu akachuluka, kapena makoyilo amene amalimba pamene akufinyika. Ma airbag othandizira, matumba a mphira opopa mpweya oikidwa pakati pa ekiselo ndi chasisi, amagwiranso ntchito imeneyi, koma pa pickup ya ma leaf amasonkhanitsa mphamvu pamalo amodzi a chasisi pamene sipanapangidwire zimenezo. Awonjezereni mpweya pang'ono pongowongolera galimoto. Kuwapopa kwambiri pofuna kubisa katundu wopitirira malire ndi imodzi mwa njira zimene chasisi chimapindikira kuseri kwa kabini.

Ma shock: apa musaumire

Sipuling'i imanyamula. Shock imaletsa sipuling'iyo kuti isapitirire kudumpha, ndipo imatero pokankha oyilo kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono. Mphamvu yonse ya kudumphako imasanduka kutentha. Pa tala zimenezi sizivuta. Koma pa msewu wafumbi uja wokhala ndi timizere tondondozana ngati malata, shock imakwera ndi kutsika kambirimbiri pa sekondi imodzi kwa maola angapo. Oyilo amatentha, amapyapyala, amachita thovu, ndipo mumayamba kumva galimoto ikuyandama, kumbuyo kukufuna kupitirira kutsogolo. Ma shock ambiri a ku fakitale amafera pamsewu wotere.

Ma twin tube ali ndi mapaipi awiri, ina m'kati mwa inzake. Ndi ofewa bwino, mtengo wake ndi wofikirika, ndipo mwala ukapinda pang'ono paipi yakunja osaiboola, pisitoni imayendabe m'kati. Ma monotube ali ndi paipi imodzi, gasi ndi oyilo zitalekanitsidwa ndi kapisitoni koyandama, motero oyilo sachita thovu ndipo kutentha kumatuluka msanga. Bilstein ya ku Germany inayamba kuika mtundu umenewu pa magalimoto a Mercedes-Benz mu 1957. Vuto lake n'lakuti paipiyo ikaphwanyika ndi mwala, pisitoni imakakamira, ndiye akumbuyo amafunika chotchinga miyala. Pamwamba pa onsewa pali okhala ndi kathanki kapadera ka oyilo, monga a Fox ndi King. Amapirira kutentha kuposa ena onse, koma amafuna kutsegulidwa ndi kukonzedwa pakapita makilomita amene wopanga ananena, ndipo wodziwa ntchitoyo sapezeka paliponse. Kwa munthu woyenda modekha ndi katundu wolemera, twin tube yaikulu bwino kapena monotube yabwino imakwanira. Ngati mumayenda maola ambiri pa timizere tija mothamanga, kathanki kaja kamabweza ndalama zake.

Kutalika kwa shock n'kofunika mofanana ndi mtundu wake. Ikafupika kwambiri, imaletsa gudumu kutsika ndipo imadzikoka mpaka kuthyoka pa diso, pamene pamalowa bawuti. Ikatalika kwambiri, imafika pamapeto pofinyika ekiselo isanagunde mphira yoimitsira, ndipo imaphwanyika m'kati kapena kuzula pomangira pake. Pa ekiselo yolimba ya makoyilo, shock yaitali imathanso kulola koyilo kugwa pampando wake. Mukagula zonse kwa wopanga mmodzi, masamu amenewa anachitidwa kale. Mukasakaniza, muyenera kuwachita nokha.

Pogula musaiwale tinthu ting'onoting'ono: mabushi atsopano, ma U-bolt atsopano omangira leaf ku ekiselo, ma shackle (tizitsulo tolumikiza mapeto a leaf ku chasisi) ndi mapini othira girizi, ndipo malinga ndi galimoto, mapaipi a mabuleki otalikirapo, zotalikitsira sway bar (ndodo yochepetsa kupendekeka pokhota), Panhard rod yosinthika (ndodo yoletsa ekiselo kusunthira m'mbali) ndi mabushi okonzera caster (tiifotokoza kutsogoloku). Pa IFS yokwezedwa kupitirira mamilimita 50, kawirikawiri pamafunikanso mikono yam'mwamba yatsopano.

Kukonzekera tsiku la ntchito

Tsukani pansi pa galimoto, ndipo kwa masiku awiri kapena atatu muzipopera mafuta osungunula dzimbiri pa bawuti iliyonse imene mudzamasule. Gwedezani magudumu muone ngati ma ball joint (mfundo zolumikiza mikono ndi gudumu), ma tie rod (ndodo za chiwongolero) ndi ma bearing ali bwino, pakuti kukweza kumakulitsa vuto lililonse limene linalipo kale. Mufunika majeke awiri, ma stand achitsulo olimba, masipanala ndi masoketi, chitsulo chachitali chomasulira, hamala, torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) ndi buku losonyeza mphamvu yomangira bawuti iliyonse ya galimoto yanu.

Galimoto ikhale pa simenti yosalala, magudumu otsala pansi atatsekerezedwa kutsogolo ndi kumbuyo. Ma stand akhale pansi pa chasisi. Musalowetse ngakhale mkono pansi pa galimoto imene yakhala pa jeke yekha, ndipo njerwa sizilowa m'malo mwa stand, zimaphwanyika mosachenjeza.

Kumbuyo

Masulani pang'ono manati a magudumu galimoto ikadali pansi, kwezani, khazikani chasisi pa ma stand, chotsani magudumu, ndipo ikani jeke pansi pa ekiselo kuti aigwirire. Chotsani ma shock. Musanatsitse ekiselo ngakhale pang'ono, tsatirani ndi maso chilichonse chochokera ku chasisi kupita ku ekiselo: paipi ya mabuleki, waya wa ABS, chingwe cha handibuleki, kapaipi kopumira difu. Masulani tizitsulo tozigwira kuti zisakokedwe.

Pa ma leaf, gwirani mbali imodzi kaye, inayo ikhale yomanga kuti ekiselo isasunthe. Masulani ma U-bolt, tsitsani ekiselo pang'ono, chotsani shackle yakumbuyo, kenako pini yakutsogolo. Leaf ndi yolemera, pezani wokuthandizani. Pa yatsopano, onani chizindikiro chosonyeza mbali yakutsogolo, chifukwa bawuti yapakati, yogwira zitsulo za leaf pamodzi, nthawi zambiri siikhala pakatikati penipeni, ndipo mukatembenuza, gudumu silikhala pakati pa madigadi. Mabushi a polyurethane apakeni girizi amene anabwera nawo. Lowetsani diso lakutsogolo, kenako shackle, ndipo manati muwamange ndi dzanja lokha. Kwezani ekiselo pang'onopang'ono mpaka mutu wa bawuti yapakati ulowe m'bowo la pa mpando wa ekiselo. Mudzamva "kwe" ukakhala. Ukapanda kulowa, sunthani ekiselo ndi chitsulo, musaukakamize ndi ma U-bolt. Ma U-bolt akale musawabwezere, anatamuka kale pomangidwa koyamba. Atsopanowo muwamange mopingasa, pang'ono apa pang'ono apo, kuti mbale yam'munsi ikhale mowongoka.

Pa makoyilo ntchito ndi yopepukirapo. Masulani sway bar, tsitsani ekiselo mpaka koyilo imasuke, ndipo muitulutse. Yang'anani zolembedwa pa atsopano. Kawirikawiri imodzi imakhala yotalikirapo pang'ono, yopangidwira mbali yolemera, ya dalaivala kapena ya thanki, ndipo mukasinthanitsa galimoto idzapendekeka. Nsonga ya waya wa koyilo ikhale mu kamphako kake pampando, mphira yapamwamba isaiwalike.

Kutsogolo

Pa IFS ya koyilo yovekedwa pa shock, chotsani gudumu, masulani sway bar ndi tizitsulo ta paipi ya mabuleki ndi waya wa ABS. Ikani jeke pansi pa mkono wam'munsi. Masulani nati ya ball joint yam'mwamba koma muisiye pa mano angapo, ndipo menyani ndi hamala pambali pa chitsulo chimene yalowamo mpaka idumphe. Musamenye pa mano. Ikamasuka, mangirirani hub, pomangira gudumu paja, ndi waya kapena lamba kuti isagwere kunja, chifukwa ikagwa imasolola shafuti ya CV m'chikho chake cham'kati, ndipo kuibwezera ndi ntchito ina yosafunikira. Chotsani bawuti yam'munsi ya shock ndi manati atatu a pamwamba.

Nati yapakati, ija ili pansonga pa ndodo ya shock, musaikhudze. Ndi imene yagwira koyilo yofinyidwa ndi mphamvu ya makilogalamu mazanamazana, ndipo ikamasulidwa popanda chofinyira, mbale yapamwamba imauluka ndi mphamvu yotha kupha munthu. Tizofinyira ta timbedza tiwiri togulitsidwa motchipa tinapangidwira makoyilo a magalimoto ang'onoang'ono. Koyilo ya 4x4 yonyamula winchi ndi nkhani ina. Gulani zomangidwa kale, kapena pitani nazo ku galaja imene ili ndi makina ofinyira oimika pansi. Pa ntchito yonseyi, apa ndi pamene ndimaumirira kuti mulipire katswiri.

Pobwezera, onetsetsani kuti diso lam'munsi la shock layang'ana kumene liyenera kuyang'ana musanamange pamwamba. Ball joint imangidwe ndi torque wrench ndipo ilandire kapini katsopano.

Pa ekiselo yolimba yakutsogolo, kusintha makoyilo n'chimodzimodzi ndi kumbuyo, koma pali zinthu ziwiri zimene zimasuntha. Mikono yogwira ekiselo ikapendekera pansi, ekiselo imazungulira pang'ono ndipo caster imachepa. Caster ndi imene imachititsa chiwongolero kubwerera chokha pakati mukamaliza kukhota. Ikachepa, galimoto imayendayenda pamsewu ndipo mumangokhalira kuiwongola. Mabushi kapena mbale zokonzera caster zimabweza zimenezi. Chachiwiri, Panhard rod imakokera ekiselo kumbali imodzi. Yezani mmene tayala lililonse latulukira pa madigadi, ndipo ngati pali kusiyana koonekeratu, ikani yosinthika.

Mangani galimoto ili pansi

Sitepe iyi ndi imene ambiri amaidumpha. Bawuti iliyonse yodutsa mu bushi ya mphira, ya pa diso la leaf, pa shackle, pa diso la shock, pa mikono, imangidwe komaliza galimoto itatsika n'kukhala pa matayala ake. Mphirayo inamatidwa ku kapaipi kachitsulo ka m'kati, ndipo imagwira ntchito popotoka. Mukaimanga gudumu likulendewera, imakhala yopotoka kale galimoto ikangotsika, ndipo miyezi ingapo yokha imang'ambika. Tsitsani galimoto, iyendetseni mamita ochepa kutsogolo ndi kumbuyo, igwedezeni, kenako lowani ndi torque wrench. Nati iliyonse imene mwamaliza muilembe kamzere ka penti kochokera pa nati kufika pa chitsulo. Tsiku lina kungoyang'ana kudzakuuzani ngati yasuntha.

Mukatha, kwezaninso chasisi kuti magudumu alendewere, n'kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, uku ndi uku. Paipi ya mabuleki ikhale ndi kufewa, isakhale yokokeka. Mkono wam'mwamba usagunde koyilo. Zungulitsani gudumu ndi dzanja, mumve ngati CV ikugwiragwira. Yezaninso mtunda umene gudumu lakutsogolo limatsika. Pa IFS ine sindikhutira ukatsala wosakwana mamilimita 60, chifukwa galimoto yotero imagunda pamapeto pa kadzenje kalikonse, tayala limachoka pansi msanga, ndipo ma CV amagwira ntchito atapindika kwambiri mpaka mphira zake kung'ambika. Kenako pezani chitunda chokwezera gudumu limodzi, kuti ekiselo ipendekeke mpaka kumapeto, ndipo muone ngati tayala likukhula penapake.

Zotsala zimene sizidikira

Alignment, kuwongola kaimidwe ka magudumu, ichitike masiku oyambirira omwewo, galimoto ili ndi katundu wake wa nthawi zonse. Pa IFS kukweza kumasintha camber (kupendekeka kwa gudumu m'kati kapena kunja), caster ndi toe (kumene gudumu laloza) zonse pamodzi, ndipo matayala atsopano amatha kudyeka mbali imodzi m'kanthawi kochepa. Pemphani pepala la manambala. Ngati makaniko wazungulitsa mabawuti osinthira mpaka kumapeto koma caster siikufikabe, mikono yam'mwamba yatsopano ija yafunika. Masipuling'i akakhazikika n'kutsika pang'ono, yezetsaninso.

Nyali zakutsogolo ziwongoleredwe, kuti musamathobwe anzanu m'maso usiku. Magalimoto ambiri akale opanda ABS ali ndi valavu kumbuyo, yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo, imene imachepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikakhala yopanda katundu. Mukakweza, valavuyo imaona ngati galimoto yapepuka nthawi zonse, ndipo mabuleki akumbuyo amafooka ngakhale mutanyamula zambiri. Kachitsulo kogwira kandodoko kakwezedwe ndi mtunda womwewo umene mwakweza galimoto. Magalimoto atsopano okhala ndi kamera ndi radar kutsogolo angafunike kuti zipangizozo zikonzedwenso pa kompyuta. Mukamva kunjenjemera ponyamuka, kawirikawiri ndi propshaft, shafuti yopititsa mphamvu ku difu, imene yapendekeka mosiyana ndi kale. Spacer ya pa bearing yapakati, kapena timphero toika pakati pa leaf ndi ekiselo, zimathetsa zimenezi.

Malamulo okhudza kukweza galimoto ndi kukula kwa matayala amasiyana dziko ndi dziko. Fufuzani a kwanu ndi a mayiko amene mudzadutsemo, ndipo kampani ya inshuwalansi muiuze mwa kalata zonse zimene mwasintha.

Galimoto yokwezedwa imapendekeka kwambiri pokhota kuposa kale, makamaka ikakhala ndi tenti padenga. Pezani malo otakasuka opanda anthu, yesani kuima mwadzidzidzi ndi kukhota mofulumirirapo, kuti manja anu aizolowere zisanachitike pamsewu. Popakira, zolemera monga madzi, zida ndi mabatire zikhale pansi ndiponso pakati pa ma ekiselo awiri, ndipo padenga pakwere zopepuka zokha, osapitirira malire a denga olembedwa m'buku.

Mukayenda makilomita pafupifupi 500, bwererani pa ma U-bolt ndi torque wrench, chifukwa penti ya pakati pa zitsulo za leaf imatha ndipo mtolo wonse umaphwa pang'ono. Onaninso mabawuti ena onse ndi manati a magudumu, thirani girizi m'mapini, ndipo yezaninso magudumu anayi aja muyerekeze ndi zimene munalemba poyamba. Musananyamuke ulendo waukulu, yendani kaulendo ka masiku awiri ndi katundu yense, pamsewu wofanana ndi umene mukupita. Mukaima pambuyo pa msewu woipa, yandikitsani dzanja pa shock iliyonse mosamala, pakuti imatha kuwotcha. Zonse ziyenera kukhala zotentha mofananako. Imene yazizira pamene zinzake zatentha siikugwira ntchito, ndipo imene yanyowa oyilo mpaka kudontha ibwezedwe kwa wogulitsa waranti isanathe. Mwa ma shock akale amene munachotsa, sankhani abwinoko, imodzi yakutsogolo ndi imodzi yakumbuyo, muwakulunge ndi kuwaika m'bokosi la masipeya pamodzi ndi mabushi angapo, bawuti yapakati ya leaf ndi U-bolt imodzi yatsopano.